Makalata a Malemu Kalisto

Izi zinachitika cha ku Bembeke m'mwezi wa Juni, nyengo imene nkhungu imatsika m'phiri n'kukhala pamsewu tsiku lonse, moti dzuwa umangolimva kwa anthu ochokera ku Lilongwe. Amene mukumva chisanu sendezani mipando, nkhaniyi ikufuna moto.

Pelajiya Msampha anali kalaliki pa ofesi ya bungwe la alimi a mbatata ya kachewere. Anali mayi wachangu, wodana ndi kudikira. Ketulo ikachedwa kuwira ankaizimitsa n'kumwa tiyi wofunda.

Chaka chimenecho abale anagwirizana zomangira mayi ake chiliza. Panali patapita zaka khumi ndi chimodzi chiwaikireni m'manda, ndipo pamaliropo Pelajiya panalibe. Anali ku Joni, akuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu, ndipo uthenga unamupeza mayi ake atagona kale m'nthaka. Choncho kwa iye chilizachi chinali maliro amene sanalire. Tsiku lovundukula linali Loweruka. Abale akutali anauzidwa, a kwaya anauzidwa, amfumu analola kuti anthu alowe kumanda.

Vuto linabuka Lolemba, atapita kukalambula. Pansi pa mtengo wa mkuyu panali mitumbira iwiri yogundizana, yonse yotitimira, yonse yopanda chizindikiro. Mitanda yathabwa inadyedwa ndi chiswe kalekale. Adzukulu amene anakumba mandawo, awiri anamwalira, wina anasamuka. Wodziwa anatsala mmodzi yekha, malume ake a Pelajiya, a Gervazio, mkulu wa banja, amene maso awo anali atayamba ng'ala.

"Ndi awa akumanzerewa," anatero a Gervazio akuloza ndi ndodo.

"Mwatsimikiza, malume?"

"Mlongo wanga ndinamuika ndine. Iwe unali kuti?"

Pelajiya anayang'ananso mitumbira iwiriyo.

"Nanga enawa ndi a ndani?" anafunsa mmisiri, a Chapomba.

"Kumanda kumasowa anthu? Khomani zikhomo zanu, achimwene."

A Chapomba anakhoma zikhomo zinayi kuzungulira mtumbira wakumanzere, n'kumangapo chingwe. Anati Lachinayi m'mawa adzathira konkire, kuti pofika Loweruka ikhale itauma, mwala wa dzina ukhalepo.

Lachiwiri m'mawa anapeza zikhomo zitazulidwa. Sizinamwazikane ayi. Zinali zitandandalikidwa bwinobwino kunja kwa manda, chingwe chitakulungidwa mozungulira ngati mmene amayi amakulungira ulusi wolukira juzi.

"Ndi mbuzi zimenezo," anatero a Gervazio.

"Mbuzi ya kwanu kuno imakulunga chingwe?" anayankha a Chapomba. Anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Anakhomanso. Lachitatu m'mawa anapeza chimodzimodzi. Ulendo uno sanaseke. Anauza Pelajiya kuti iwo mawa athira konkire yawo, azipita, ndipo kumandako sadzabwereranso mpaka tsiku lawo lowanyamula.

Mtima wa Pelajiya unakana kukhazikika. Dzina la mayi ake likakhala pa munthu wina, lidzakhalapo mpaka kalekale, ndipo iye azidzagwada pa mlendo, mayi ake ali pambali akumuyang'ana. Ndi pamene anakumbukira kalata ya Kalisto.

Kalisto anali mchimwene wake wamkulu, amene anali kalaliki pa ofesi yomweyo iye asanalowepo. Anamwalira chaka chathacho. Anali munthu wolembalemba, wosasiya kanthu kadutse osakalemba. Atawaika amayi, anamutumizira Pelajiya imelo yaitali yofotokoza maliro onse. Pelajiya anaiwerenga kamodzi ku Joni, misozi ili chuchuchu, ndipo za m'katimo sanasungeko. Imelo yakeyo inapita pamodzi ndi foni yobedwa ndi pasiwedi yoiwalika. Koma Kalisto, kompyuta yakale ya mu ofesi itayamba kuzimazima, anakopera makalata ake onse pa fulashi, olandira ndi otumiza omwe, kuti asatayike.

Fulashiyo inali m'bokosi lake lachitsulo, m'nyumba ya malemu mayi awo. Bokosilo a Gervazio analitseka ndi loko, nanena kuti wina asalikhudze mpaka abale onse adzakhale pansi kugawa katundu wa Kalisto, tsiku lotsatira chiliza. Pelajiya ankadziwa kumene kiyi ankabisidwa, pamwamba pa khoma pansi pa malata. Lachitatu masana, anthu ali kumadimba, analowa, natsegula, nafukula pakati pa mashati ndi mabuku. Anaipeza itakulungidwa m'mpango, italembedwa ndi bolopeni kuti "Makalata onse". Anaiponya m'chikwama n'kutuluka. Sanauze munthu, wamoyo kapena wakufa.

Mu ofesi anali yekha. Analumikiza fulashi ku kompyuta. Munali fayilo imodzi yaikulu. Anatsegula pologalamu ya imelo, nasankha pobwezeretsa makalata osungidwa, ndipo itamufunsa koti awaike, anangodina pa foda yake yomwe, kumene kumafikira makalata a mbewu ndi feteleza. Nambala inayamba kuthamanga pa sikirini. Makalata onse analipo 2,314. Inadutsa 100, inadutsa 500. Pelajiya anayamba kale kumwetulira.

Pa 906 inaima.

Anadikira mphindi imodzi, imene kwa iye inali chaka. Anagwedeza mausi. Pologalamu inangodzitseka yokha. Ataitsegulanso, kalata ya Kalisto munalibe ngakhale imodzi. Anayambiranso. 906. Anazimitsa kompyuta, naiyatsa, nasintha pobaya fulashi. 906.

"Iwe chinthu iwe, ndilibe nthawi ine," anatero akumenya tebulo.

Mpando wa alendo, umene unali kukhoma kumbuyo kwake, unalira kwee, mmene umalirira munthu akakhalapo. Anacheuka. Panalibe munthu. Zenera linali lotseka, kunja kuli mbuu, nkhungu itakwirira ngakhale sitolo ya patsidya pa msewu. M'chipindamo munayamba kumveka fungo la dothi lonyowa, longokumbidwa kumene.

Anafuna kachivindikiro ka fulashi, kamene anakaika pambali pa kiyibodi. Panalibe. Anayang'ana pansi pa tebulo, m'chikwama, m'matumba a juzi. Anakaona pakhomo, kataimirira chilili pa simenti, ngati wina wakaika pamenepo kuti amusonyeze njira yotulukira.

Atabwezera maso pa sikirini, tsitsi linamuyenda. Makalata ake a tsikulo, asanu ndi awiri, anali asanawatsegule, ndipo mayina ake ankaoneka akuda bii monga amaonekera makalata osawerengedwa. Iye akuyang'ana, manja ali pamiyendo, yapamwamba inasanduka yotuwa. Patapita kanthawi, kotalika ngati ka munthu amene akuwerenga mosathamanga, yachiwiri inatuwanso. Kenaka yachitatu. Wina ankawerenga makalata ake osamupempha.

Sanadikire yachinayi. Anazula fulashi, natola kachivindikiro, natseka ofesi.

Nthawi inali isanakwane faifi, koma nkhungu inachititsa kuti kukhale ngati kwada. Anatsata njira ya kumudzi, yodutsa pakati pa minda ya kachewere. Atafika pa mphambano yopita kumanda, anaona munthu ataima m'mbali mwa njira. Anali mayi wamfupi, wofunda chitenje chakale chofika m'mapazi. Pamutu pake panali nkhata, koma pa nkhatapo panalibe katundu. Komabe khosi lake linali litapindika, ndipo dzanja limodzi linali m'mwamba ngati likuchirikiza mtolo.

"Mwaswera, amayi," anatero Pelajiya, osachepetsa liwiro.

"Ndaswera, mwanawe. Taima."

Mawuwo anali otsika, a kalankhulidwe ka anthu a kutsidya kwa malire. Miyendo ya Pelajiya inaima yokha. Nkhope ya mayiyo sanaione bwino, nkhungu inkangodutsapo.

"Akuti mawa andisenzetsa," anatero mayiyo. "Ine kusenza sindikana, ndasenza moyo wanga wonse. Koma katunduyu ndi wa mnzanga. Wadikira nthawi yaitali. Ndikamulanda, tidzayang'anana bwanji?"

"Ndinu a kuti, amayi?"

"Wakula, Pelajiya. Koma kuthamanga sunasiye."

Pelajiya anayang'ana pansi kamodzi kokha, kuti aone poponda. Pokweza maso, m'njiramo munali nkhungu basi.

Sanapite kwawo. Anathamangira kwa a Gervazio. Anawapeza m'khitchini akuwotha moto, akusenda nyemba m'lichero. Anagwada pakhomo, natulutsa fulashi, naiika pansi patsogolo pawo, nanena zonse: za kiyi, za bokosi, za nambala yoima, za makalata odzitsegula okha, za mayi wa nkhata.

A Gervazio anasenda nyemba zina zitatu asanayankhe.

"Unagogoda?"

"Pati, malume? M'nyumba muja simukhala munthu."

"Simukhala munthu! Tamumverani mwana wa ku Joniyu. Kalisto ali moyo ukanapisa m'bokosi mwake iwe?"

"Akanandidula zala."

"Ndiye waona kuti poti wagona, zala zako zapulumuka?" Anapukusa mutu. "Chala chimodzi sanakudule. Wangokuwerengera makalata ako kuti umve mmene zimakomera. Mwana uja anali waulemu."

"Ndalakwa, malume. Koma a Chapomba akuthira mawa."

"Ndamva." Anasonkheza moto. "Mayi wa nkhatayo unati wamfupi?"

"Wamfupi."

Sananenenso kanthu za iye. Anangoti, "Udzanditenge tambala akangotsika. Tikapemphe bwino."

Kutacha, Lachinayi, anayenda awiriwo m'nkhungu, Pelajiya akudziletsa kuti asawasiye m'mbuyo. A Gervazio anavala jekete lawo la kutchalitchi. Pakhomo pa ofesi anavula chipewa, naomba m'manja katatu.

"Odi kuno!"

Anadikira ngati pali woyankha, kenaka analowa. Pelajiya anawakokera mpando wake. Wa alendo uja palibe anaukhudza.

"Ndiye ali m'kachitsulo aka?" anafunsa akuiyandikiza fulashi kumaso.

"Muli makalata awo, malume, osati iwowo."

"Kalisto ukamuchotsera zolembalemba zake ankatsala chiyani? Mafupa ndi tayi. Dzulo unkawakhuthulira pati?"

"Mu foda yanga, momwe mumafikira makalata a ntchito."

"Pamodzi ndi za feteleza?" A Gervazio anagwira pakamwa. "Iwe, pogawa katundu wa malemu unaonapo akumuunjika pa zovala za amoyo? Amayala mphasa yakeyake. Kamakina kakoka kalibe mphasa ina?"

Pelajiya anapanga foda yatsopano, yopanda kanthu. Analemba kuti "Kalisto".

"Lemba ndi la bambo wake lomwe, adziwe kuti ndi pake."

Analemba "Kalisto Msampha".

"Ndipo chimene unatenga m'bokosi chikabwerere mmene chinalili. Usachifufute."

Pelajiya anakopera fayilo ija pa kompyuta, kuti agwiritse ntchito yokoperayo, natulutsa fulashi mwaulemu wake, naivindikira, naipereka kwa malume ndi manja awiri. Iwo anaiika m'thumba la pamtima. Kenaka anachita chizindikiro cha mtanda, nayang'ana kompyuta ngati akuyang'ana munthu.

"Kalisto, ndine malume ako, Gervazio. Tabwera poyera, kunja kwacha. Mlongo wakoyu anakulowera osagogoda, wavomera, ndamukalipira, iwenso wamukalipira. Zithere pomwepo. Ife sitikufuna zinsinsi zako, kaya unkalemberana ndi ndani ndi zako zimenezo. Tikufuna kalata imodzi, ya amayi ako. Maso anga atha, mwana wa mlongo wanga. Ndikhoza kukhala kuti ndalakwa. Tithandize tisachite manyazi."

Anagwedeza mutu kwa Pelajiya. Iye anasankha fayilo, nasankha foda yatsopano ija, nadina.

Nambala inayamba. Pelajiya ankaiwerenga mokweza chifukwa malume sankaiona. 300. 600. 850. Mawu ake anayamba kuchepa. 904. 905. 906.

Inaima.

Kunja kunalibe minibasi, kunalibe galu, kunalibe ngakhale mbalame. Dzanja la Pelajiya linanyamuka kupita pa mausi. A Gervazio analigwira, nalibwezera pa tebulo, nalipanikiza pomwepo. Dzanja lawo linali lozizira.

Mpando wa kukhoma unalira, pang'ono chabe, mmene umalirira munthu akaweramira kutsogolo.

907.

Kenaka inathamanga ngati madzi otsegulidwa mu ngalande. 1,200. 1,900. 2,314. Pologalamu inalemba kuti yamaliza. Foda ya Kalisto Msampha inali yodzaza.

Pelajiya sanatsegule kalata ina iliyonse. Anapita pa zotumizidwa, nazindandalika motsata masiku, natsika mpaka mwezi umene mayi ake anamwalira. Inali pomwepo, yopita ku adiresi yake yakale ija. Anaiwerenga mokweza.

"Mlongo wanga, tawaika amayi dzulo. Usadziimbe mlandu, anakutchula mpaka kumapeto ndipo sanakutchule modandaula. Ndikulembera malo ake kuti udzawapeze ngakhale ine kulibe. Agona pansi pa mkuyu. Ukaima kumapazi, nkhope itayang'ana mtengo, amayi ali kumanja. Kumanzere kuli mayi Rozalina, aja anabwera pothawa nkhondo ku Mozambiki, amayi n'kuwapatsa khitchini kuti azigonamo, ndipo anzawo pobwerera iwo anatsala chifukwa kwawo kunalibenso wowalandira. Amayi anapempha okha ali m'chipatala. Anati, mnzanga uja alibe wake kuno, mukandigoneke pambali pake. Malume anakana poyamba, akuti mlongo wawo agone pakati pa abale. Koma pa tsikulo ndi iwo anaima kumutu n'kuponya dothi loyamba."

Pelajiya anawakumbukira. Mayi Rozalina. Amene ankamuluka tsitsi ali mwana, amene ankabwera ndi mitolo ya nkhuni kuchokera kuphiri mayi ake akadwala msana. Anamwalira iye atachoka kale pamudzi, ndipo m'zaka zonsezi sanawaganizepo ngakhale tsiku limodzi.

"Ndinaima kumutu," anatero a Gervazio pang'onopang'ono. "Mtengo unali kumsana kwanga. Kwa ine kunali kumanzere." Anapukuta maso ndi chipewa. "Masiku ano timalowera njira yakumapazi. Ine ndinasunga dzanja, n'kuiwala pamene ndinaima. Ndipo Rozalina ndinamuiwaliratu, mpaka dzulo pamene unati wamfupi. Ndinachita manyazi kutchula." Mwadzidzidzi anamenya ndodo pansi. "Ukudikira chiyani? Lero ndi tsiku loti uthamange! Pita!"

Foni ya a Chapomba inkangoitana. Pelajiya anakwera kabaza, ndipo pamene njira inaipa anatsika n'kuthamanga nsapato zili m'manja. Anawapeza konkire atasakaniza kale, wilibala ili m'mphepete mwa mtumbira wakumanzere, iwo ataigwira zogwirira kuti apendeke.

"A Chapomba! Musathire!"

Anaitula pansi msangamsanga, ngati munthu amene amayembekezera kuti wina amuletse.

"Mayi, mwandipulumutsa. Wilibala iyi ndaikankha zaka makumi awiri, koma lero kuchokera apo kufika pano ndapuma kanayi. Ndiye ndi kuti?"

"Kumanja. Tapeza kalata ya achimwene."

"A Kalisto? Aja anamwalira aja?" Anamuyang'ana, nayang'ana mitumbira, nayang'ananso iye. "Musandiuze zambiri. Ndipatseni zikhomozo."

Anakhoma kumanja, nathira konkire. Lachisanu m'mawa anapeza zikhomo zili m'malo mwake, chingwe chili chokoka. Tsiku lomwelo, popanda wowatuma, anatenga njerwa zotsala n'kuzungulira nazo mtumbira wakumanzere. Pelajiya anakapangitsa mtanda wachitsulo kwa owotcherera, naulembetsa dzina limodzi lokha limene ankalidziwa.

Loweruka anthu anadzaza. Kwaya inaimba, nsalu inavundukulidwa, dzina la mayi ake linaoneka pa mwala. A Gervazio, polankhula m'malo mwa banja, anauza anthu okha kuti anatsala pang'ono kulakwitsa, ndipo kuti wawakonza ndi Kalisto, mwana wa mlongo wawo, amene nayenso ali m'manda. Anthu anayang'anizana. Kenaka anatchula mayina awiri, la mlongo wawo ndi la Rozalina, ndipo amayi ena achikulire kumbuyo anayamba kulira maliro amene zaka zija analira mwachidule.

Anthu atayamba kutuluka mumzere, Pelajiya anatsalira. Anagwada pakati pa manda awiriwo, dzanja limodzi pa mwala, lina pa njerwa.

"Amayi, ndafika. Ndachedwa, koma ndafika pakhomo penipeni." Anapuma. "Mayi Rozalina, zikomo. Achimwene, kumene muliko, zikomo. Makalata enawo sinditsegula."

Anakhala choncho maso ali otseka. Nyimbo ya kwaya inkapita kutali ndi njira ya kumudzi. Itazilala, anamva zina, pafupi kwambiri, chapansipansi: amayi awiri akucheza, mawu osamveka bwino, wina akufotokoza, wina akuvomera. Kenaka mmodzi anaseka, kuseka kotha ndi kachifuwa, kumene Pelajiya akanakuzindikira pakati pa anthu chikwi.

Sanatsegule pakamwa, ndipo sanayang'ane. Anadzuka, nasansa mawondo, natuluka monyang'ama kuti asawadule nkhani.